Code yanga ndiitumize bwanji? Lipoti likufunika Lachisanu

nkhwali_py, Lachitatu 09:12
Akuluakulu, ndinene mosabisa, zandikwana. Lolemba ndinatumiza chithunzi cha code yanga ya Python pa gulu lino la WhatsApp, a admin munachifufuta osanena kanthu. Dzulo ndinaitumizanso m'mawu, mayankho anabwera awiri okha, wina akuti IndentationError, wina akuti tumizani bwinobwino. Bwinobwino wake ndi uti? Vuto langa si indentation, pa laputopu panga script ikuyenda mpaka kumapeto popanda error iliyonse. Vuto ndi merge, kulumikiza ma table awiri kukhala imodzi. Ndili ndi CSV ya malipiro a mobile money ndi mndandanda wa mamembala womwe ndatulutsa mu MySQL, ndikulumikiza pa nambala ya foni, left join, koma mbali ya mayina ikungobwera NaN, kutanthauza kuti mulibe kanthu, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Poyamba pandas, library ya Python yomwe ndikugwiritsa ntchito, imakana kuti ma column ndi a mitundu yosiyana, ndinaika astype str mbali zonse ziwiri, kukanako kunatha koma palibe ngakhale mmodzi yemwe akugwirizana. Ntchitoyi ndi ya SACCO ina, board ikukumana Lachisanu mmawa ndipo akufuna kudziwa amene wabweza ngongole ndi amene sanabweze. Masiku awiri ndikugona 2 koloko. Ndiuzeni kuti mukufuna ndiitumize motani, chithunzi, mawu, fayilo, chilichonse, bola wina ayang'ane.

mkulu_wa_seva, 09:20
Achimwene, amene anafufuta chithunzi chija ndine, ndipo ndinakulemberani kumbali nthawi yomweyo koma uthengawo simunautsegule mpaka pano. Ndinalakwa kusanena pagulu, pepani. Chifukwa chake sichinali code. Munajambula laputopu yonse ndi foni. Kumtunda kunali code, koma pansi pake terminal inali yotsegula, ikuonetsa mizere yoyambirira ya data yomwe head inatulutsa: mayina a anthu asanu, manambala awo a foni ndi ngongole yomwe aliyense watsala nayo. Komanso pa mzere wa create_engine, wolumikizira ku database, panali root, pasiwedi ndi IP ya seva, zonse poyera. Muno muli anthu oposa 300 ndipo ambiri sitinawaonepo nkhope. Chithunzicho chinakhala mphindi pafupifupi 40 ndisanachione. Pasiwedi ija mwasintha?

nkhwali_py, 09:23
Ayi sindinasinthe. Sindinaone n'komwe kuti ikuoneka. Koma poti munafufuta si ndiye zatha?

kambuku_dev, 09:31
Sizinathe amwene. Siyani merge kaye, pitani mukasinthe pasiwediyo panopa. Kufufuta kumachotsa uthenga mu chat basi. Amene foni yake inasunga chithunzicho mu gallery, kapena anapanga screenshot, kapena anatumiza kwa mnzake, ali nacho ndithu ndipo simudzadziwa kuti ndi ndani. Madzi akatayika sawoleka.

Ine zinandichitikira ndikugwira ntchito ya sukulu ina yomwe imatumiza ma SMS kwa makolo. Ndinali ndi vuto la curl, ndinakopera function yonse n'kuponya pa gulu lina Lachisanu madzulo. Mu header munali API key, kiyi yolowera mu akaunti ya SMS gateway. Ndinazindikira patatha ola, ndinafufuta, mtima n'kukhala pansi. Lolemba mmawa a headmaster akuimba kuti makolo sanalandire uthenga wa msonkhano. Kulowa mu akaunti, mayunitsi onse omwe sukulu inagula a teremu yonse atha, wina anatumiza nawo mauthenga a juga kwa anthu omwe sitikuwadziwa, ndipo mauthengawo amafika ndi dzina la sukulu. Ndalamazo ndinabweza ndekha pang'onopang'ono, koma chomwe chimandipwetekabe ndi nkhope ya bambo aja pamene ndimawafotokozera. Kiyi ikaoneka kamodzi, iwerengeni ngati yabedwa.

chule_php, 09:34
Zonsezo n'zoona koma munthuyu akufuna thandizo, Lachisanu ndi mkuja. Aise, panga zip folder yonse pamodzi ndi ma CSV awiriwo unditumizire, ndiyendetsa pa makina anga, pofika nkhomaliro tikhala tadziwa. Tizidutswa ta code timangotayitsa nthawi.

Mayi_SQL, 09:47
A chule_php, ayi. Ma CSV amenewo si a nkhwali_py, ndi a anthu omwe anakongola ndalama ku SACCO, ndipo sanavomere kuti ngongole zawo zizikhala mu Downloads ya munthu wachilendo. Tangoganizani mayi wogulitsa tomato atamva kuti anyamata ena pa foni akudziwa kuti watsala ndi ngongole zingati. Komanso lamulo lilipo tsopano, Data Protection Act ya 2024, ndipo MACRA ndi imene inapatsidwa udindo woliyang'anira. Dzina, nambala ya foni ndi ngongole ya munthu ndi zinthu zomwe lamulolo likuteteza.

Mchimwene wanga nkhwali_py, mukasintha pasiwedi muwauzenso akuluakulu a SACCO zomwe zinachitika Lolemba. Ndikudziwa kuti n'zolemera kukamwa, koma ndi bwino amve kwa inu.

Za katumizidwe, chomwe ine ndimafuna munthu akandipempha thandizo ndi ichi. Tsegulani fayilo yatsopano yopanda kanthu. Lembanimo mizere isanu ya data yabodza mbali iliyonse, manambala oti sangakhale a munthu, ngati 265000000001, mayina ngati Membala A, Membala B. Koma maonekedwe akhale ofanana ndi enieniwo: ngati mu CSV muli mzere wopanda nambala, wabodzanso ukhale nawo, ngati ena akuyamba ndi 0 ena ndi 265, chimodzimodzi. Pansi pake ikani read_csv ndi merge basi, zina zonse zichotseni. Muiyendetse nokha musanatumize. Ikabweretsa NaN ngati yeniyeni ija, ndiye mwagwira vutolo m'mizere 15 ndipo aliyense muno angathe kukopera n'kuyesa. Pa Stack Overflow, tsamba la mafunso a code, amati minimal reproducible example, ndipo funso lopanda chimenechi kumeneko silichedwa kutsekedwa.

chule_php, 09:52
Achemwali, mizere 15 imeneyo ndi yomwe mwini wake akuganiza kuti ndi pamene pali vuto. Akanadziwa pamene pali vuto sakanafunsa. Ine ndinataya masiku atatu pa mnyamata wina yemwe amangonditumizira login.php, headers already sent, headers already sent. Ndinaiwerenga mpaka kuiloweza, munalibe cholakwika. Tsiku lachinayi ananditumizira project yonse, mphindi zisanu ndapeza: mu config.php munali mzere wopanda kanthu pambuyo pa chizindikiro chotsekera PHP, ndipo fayilo ina anaisunga ndi BOM, kachizindikiro kosaoneka koyambirira kwa fayilo. Zimenezo pa kachidutswa simungazione. Vuto silikhala pamene mwini akuloza.

Mayi_SQL, 09:56
N'chifukwa chake ndati ayendetse yekha asanatumize. Mnyamata wanuyo akanaika login.php payokha akanaona kuti ikugwira ntchito, n'kudziwa kuti vuto lili kwina. Ndiponso error imeneyo imatchula yokha fayilo ndi mzere pamene output inayambira. Akanakutumizirani uthenga wonse wa error m'malo mwa mawu atatu, simukanataya masiku atatu.

chule_php, 09:58
Akanatumiza zip tsiku loyamba sindikanataya ngakhale ola limodzi.

mkulu_wa_seva, 10:05
Za dzulo zija ndifotokozeko chifukwa amene anati IndentationError sananame. Zomwe munatumiza zinafika mizere yonse itayambira kumanzere, for ndi if zili pa mzere umodzi woongoka, Import ili ndi I wamkulu, ndipo penapake df inasanduka of. Ndikuganiza kuti munalemba pamanja pa foni mukuyang'ana pa laputopu, keyboard n'kumakukonzerani mawu. Munthu akakopera zimenezo Python imaima pa mzere woyamba, safika n'komwe pa merge yanu. Ndiye aliyense amayamba kukonza zolakwika zomwe pa makina anu kulibe.

Ndipo ngakhale mutakopera bwino, WhatsApp ili ndi malamulo ake a zizindikiro. Mawu akakhala pakati pa nyenyezi ziwiri amasanduka bold ndipo nyenyezizo zimasowa, pakati pa ma underscore amapendekeka, pakati pa ma tilde amadulidwa ndi mzere. Mu code zizindikiro zimenezi zili ponseponse. Ikani ma backtick (`) atatu koyambirira ndi atatu kumapeto, zonse zimafika mmene zilili. Pa laputopu backtick ili pansi pa Esc. Code ikapitirira mizere 20 kapena 30 itumizeni ngati document, fayilo ya .py, chifukwa pa foni mizere itali imapindika ndipo indentation siioneka.

nkhwali_py, 10:09
Ndinalembadi pamanja, laputopu inalibe intaneti, bandulo inali pa foni yokha. Pasiwedi ndasintha. Ndikupanga kafayilo kabodzako.

wophunzira_chaka3, 10:12
Pepani akuluakulu kulowerera. Nanga akaika pa secret Gist, tsamba la GitHub loikapo tizidutswa ta code? Ife kusukulu timatumizirana choncho, timati poti ndi secret palibe angaone.

kambuku_dev, 10:19
Mng'ono wanga, secret Gist si private. Tanthauzo lake ndi loti siioneka pa search kapena pa profile yako, koma aliyense amene ali ndi link amatsegula, ngakhale alibe akaunti ya GitHub. Link ikafika pa gulu la anthu 300 palibenso chinsinsi. Chinanso, Gist ndi git repo, ili ndi Revisions. Ukaika pasiwedi kenako n'kupanga edit kuichotsa, yakale ija imakhalabe mmenemo, munthu amangodina n'kuiona. Pa repo wamba ndi chimodzimodzi: git rm imachotsa fayilo pa commit yatsopano koma .env yako, fayilo yosungira mapasiwedi ndi makiyi, ili m'mbiri. Ukhoza kutsuka ndi git filter-repo kapena BFG, koma ngati unapanga kale push pa public repo, yamba ndi kusintha kiyi, kutsuka kubwere pambuyo. Pali ma bot omwe ntchito yawo ndi kusakasaka makiyi pa ma commit atsopano usana ndi usiku. GitHub ili ndi push protection yomwe imaletsa makiyi ena odziwika monga a AWS, koma pasiwedi ya MySQL yako kapena kiyi ya kakampani ka SMS musayembekeze kuti iziona.

Gist ndi yabwino pa code yomwe wayeretsa kale. Imasunga indentation, imaika manambala a mizere, munthu atha kunena kuti yang'ana mzere 12.

wa_ku_Joni, 10:33
Moni nonse kumudzi. Ndiwonjezereko china chomwe sichinatchulidwe. Ngakhale mutachotsa pasiwedi ndi data, code yomwe mwalembera kasitomala kapena abwana anu kawirikawiri si yanu, werengani contract. Kuno komwe ndikugwira ntchito tinasainira pepala loti code ya kampani isatuluke, ndipo pali POPIA, lamulo la kuno ku South Africa pa nkhani ya data ya anthu. Mnzathu wina anaika class yonse ya billing pa paste site kuti afunse funso, mayina a ma table ndi ma endpoint amkati zonse zili momwemo. A security anaipeza okha patatha milungu. Sanamuchotse ntchito koma anamulanda access ya production ndipo mpaka lero amamuyang'ana ndi diso lina. Ndipo zimenezi zikukhudzanso ma chatbot. Mu 2023 Samsung inaletsa antchito ake kugwiritsa ntchito ChatGPT ndi zinzake pa makina a kampani zitadziwika kuti ena anaikamo code yamkati. Ndiye pofunsa, kaya mukufunsa munthu kaya makina, sinthani mayina a ma table ndi ma variable omwe akuulula kuti kasitomala ndi ndani.

chule_php, 10:36
Kwanuko muli ndi a security, a legal, ma senior asanu pa desiki yoyandikana. Kuno munthu ali yekha ndi laputopu m'chipinda cha lendi, senior wake ndi gulu lino. Mukamuuza kuti asatumize ichi, asatumize icho, athandizidwa ndi ndani? Ine sindinati aponye pagulu, ndati anditumizire ine kumbali. Ndakhala muno zaka zinayi, ndani anadandaulapo za ine?

Mayi_SQL, 10:41
Palibe akukukayikirani achimwene. Koma laputopu yanu ikabedwa mu minibasi mawa, ma CSV a SACCO ali mmenemo, adzayankha ndi nkhwali_py, osati inu. Ndipo iye sangathe kuuza board kuti ndinapereka kwa munthu yemwe ndimamudziwa ndi dzina la pa gulu.

chule_php, 10:42
Ndiye achotse ma CSV, atumize code yonse.

Mayi_SQL, 10:43
Popanda data simupeza kanthu, chifukwa ndikukayikira kwambiri kuti vutoli lili mu data.

nkhwali_py, 10:58
Kafayilo kabodza kakugwira ntchito bwinobwino, anthu asanu onse akupezeka. Ndiye ndipange bwanji? Nthawi ikutha ndipo a manijala aimba kale kawiri.

```
malipiro = pd.read_csv("malipiro.csv")
malipiro["foni"] = malipiro["foni"].astype(str)
mamembala["foni"] = mamembala["foni"].astype(str)
zonse = malipiro.merge(mamembala, on="foni", how="left")
```

chule_php, 10:59
Mwaona? Ndinanena.

Mayi_SQL, 11:07
Zimenezi zatiuza kanthu, musakhumudwe. Code ndi yomweyo, yabodza ikuyenda, yeniyeni ikukana, ndiye kusiyana kuli mu data. Ndipo onani mmene yafikira bwino ndi ma backtick, ndatha kuwerenga pa foni. Tsopano pa fayilo yeniyeni chitani ziwiri izi. Musanafike pa astype, panga print ya malipiro.dtypes mutitumizire, mmenemo mulibe chinsinsi cha munthu. Kenako pambuyo pa astype tengani nambala imodzi mbali iliyonse muipange print ndi repr, kuti ma quote ndi mipata zioneke, muphimbe manambala apakati ndi x koma koyambira ndi kothera musiye mmene zilili. Mutiuzenso version ya Python ndi ya pandas.

nkhwali_py, 11:15
foni ndi float64 pa malipiro, object pa mamembala.

```
'26599xxxxxxx.0'
'099xxxxxxx'
```

kambuku_dev, 11:21
Ndi pamenepo. Mu CSV muli mzere wina wopanda nambala, mwina wa total pansi penipeni kapena wa charge. Column ya manambala ikakhala ndi malo opanda kanthu pandas imaiwerenga ngati float, nambala ya decimal, ndiye astype str ikukupatsa .0 kumapeto. Komanso mbali ina ikuyamba ndi 265, ina ndi 0. Sizingakumane. Werenga ndi dtype=str pa read_csv pomwepo, chotsa astype ija, panga strip, kenako tenga manambala 9 omaliza mbali zonse ziwiri, poti nambala ya m'manja ya kuno ukachotsa 0 kapena 265 imatsala ndi 9. Data yako yabodza inayenda chifukwa unailemba yoyera, mbali zonse zofanana.

mkulu_wa_seva, 11:30
Musanathamange, funso limodzi: CSV imeneyo inabwera molunjika kuchokera ku portal ya mobile money kapena inadutsa pa kompyuta ya accountant? Ndikufunsa chifukwa nambala yoyamba ndi 265 ili ndi manambala 12, ndipo Excel ikaona nambala yaitali choncho imaionetsa ngati 2.65999E+11. Munthu akadina Save pa CSV, zomwe zimalembedwa mu fayilo ndi zoonekazo, manambala akumapeto amapita osabwereranso. Ndinakumana nazo ku bungwe lina la alimi: anthu mazana angapo onse anali ndi nambala imodzi, ndipo fayilo yoyamba anali atailemba pamwamba. Tinachita kukapemphanso statement. Tsegulani CSV yanu mu Notepad kapena VS Code, osati Excel, mufufuze E+. Ikapezeka ngakhale pa mzere umodzi, fayiloyo musaikhulupirire.

Mayi_SQL, 11:44
Ndipo ngakhale merge itayenda, samalani musanapereke lipotilo. Nambala ya foni si umboni wa amene walipira. Ku ma SACCO anthu amalipira pa foni ya mwamuna wawo, ya mwana, kapena amapereka ndalama kwa agent n'kuwatumizira pa nambala yake. Banja limodzi likhoza kukhala ndi mamembala awiri olembetsa nambala imodzi, ndipo zikatero merge imabwereza mzerewo kawiri, total ya ndalama n'kukwera popanda error iliyonse. Ikani validate="many_to_one" kuti ikane ngati mbali ya mamembala ili ndi nambala yobwereza, ndi indicator=True kuti muone omwe atsala left_only. Werengani mizere musanapange merge ndi pambuyo pake, ifanane. Total ya ndalama ifanane ndi ya pa statement mpaka tambala.

Ndikulimbikira pamenepa chifukwa ndinaonapo mayi wina wachikulire atayitanidwa pamaso pa komiti kuti sanabweze ngongole miyezi itatu, pomwe amalipira mwezi uliwonse kudzera pa foni ya mdzukulu wake. Anabwera ndi kabuku kake kakang'ono ka sukulu, kokutidwa ndi pulasitiki ya shuga, momwe mdzukuluyo amalembamo transaction ID iliyonse ndi tsiku lake. Lipoti lomwe linamunamizira linatuluka mu query yomwe ndinathandiza nawo kulemba. Omwe atsala osagwirizana muwaike pa tsamba lawolawo ndipo mulembe kuti akufunika kufufuzidwa, musalembe kuti sanalipire.

chule_php, 11:49
Zonsezi, float, Excel, manambala obwereza, ndikanaziona ndekha pa mphindi khumi ndikanakhala ndi fayilo. Tayamba 9 koloko, pano ikukwana 12.

wa_ku_Joni, 11:53
Koma zapezeka popanda dzina la munthu aliyense kutuluka, bwana.

chule_php, 11:55
Zapezeka chifukwa a Mayi_SQL analipo lero. Tsiku lomwe kulibe? Ana ambiri muno sadziwa n'komwe kuti repr ndi chiyani. Ine ndikunenabe kuti kwa munthu wongoyamba kumene, kutumiza zonse kwa munthu mmodzi wodalirika n'kwabwino kuposa kudula code mwachimbulimbuli.

kambuku_dev, 12:04
Vuto la zip ndi loti mumalowa zinthu zomwe mwini wake waiwala kuti zilimo. Ine ndalandirapo zip ya Laravel muli .env yonse, APP_KEY, pasiwedi ya email ya kampani, folder ya .git ndi mbiri yake yonse, komanso dump.sql ya makasitomala mu storage. Wotumizayo amangofuna ndimuonere chifukwa chomwe route imodzi imabweretsa 419. Linali vuto la CSRF token, mizere itatu ya form ikanakwanira. Ndinamuimbira kuti asinthe zonse, anati palibe vuto poti ndinu nokha mwaona. Sindikudziwa ngati anasintha. Ndiponso wolandira naye asamale, zip ya munthu wosamudziwa osangoyendetsa pa laputopu yomwe muli ma SSH key a ntchito.

wophunzira_chaka3, 12:10
Nanga kutumiza mu Word? A lecturer ena amafuna assignment ya code mu Word.

mkulu_wa_seva, 12:16
Za a lecturer tsatirani zomwe akufuna, koma pofunsa thandizo musayerekeze. Mukalemba mu Word imasintha ma quote owongoka kukhala opindika, ndipo Python imakana ndi invalid character U+201C. Nthawi zina mumalowa mpata wosaoneka, U+00A0, womwe m'maso umafanana ndi space wamba. Ndinakhalapo usiku wonse ndi mnyamata wina pa YAML yomwe anakopera mu PDF, zonse zikuoneka zolondola, koma ikukana.

Poti tili pomwepa, a m'gulu nonse, zithunzi za sikirini zojambula ndi foni chonde tisiye. Zimabwera ndi mizeremizere, windo la kuchipinda likuwala pakati pa code, l ndi 1 osasiyanitsika, ndipo wofuna kuthandiza ayenera kulemba zonse pamanja. Error itumizeni m'mawu, traceback yonse kuyambira pamwamba mpaka mzere womaliza, osati kungoti ikukana. Munenenso zomwe mumayembekezera ndi zomwe mwayesa kale. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ntchito yokonza funso ndi ya wofunsayo. Screenshot ndi yoyenera pamene vuto ndi looneka ndi maso, monga CSS yasokonekera, ndipo pamenepo dulani chithunzicho, ma tab a browser ndi taskbar zisaoneke.

nkhwali_py, 12:22
Ndafufuza E+ mulibe. Ndikusintha read_csv panopa. Magetsi angozima kumene, batire yatsala 31%, ndiyesa kuthamanga.

chule_php, 12:24
Ikatha batire unditumizire ndikumalizire kuno kuli magetsi.

Mayi_SQL, 12:25
A chule_php.

chule_php, 12:26
Ndangopereka thandizo achemwali.

wa_ku_Joni, 12:40
Chinthu china chaching'ono. IP ya seva ija inaonekanso pa chithunzi. Ngati port 3306, khomo lolowera ku MySQL, ndi yotsegukira dziko lonse, kusintha pasiwedi kokha sikukwanira. Aitseke pa firewall, alowe kudzera pa SSH tunnel, ndipo script isamagwiritse ntchito root, apange user wongowerenga. Ayang'anenso ma log kuyambira Lolemba ngati pali IP yachilendo yomwe inayesa kulowa.

kambuku_dev, 12:44
Zoona. Ndipo ngati pasiwedi yomweyo amaigwiritsanso ntchito pa cPanel kapena pa email, asinthe konseko.

mkulu_wa_seva, 15:10
A nkhwali_py, zili bwanji? Merge yayenda? Nanga za port zija mwaziona?

wophunzira_chaka3, 15:32
Akuluakulu, funso lina pang'ono. Backtick pa keyboard ya foni ndikuisowa, ili pati?

kambuku_dev, 15:35
Pa Gboard dina ?123, kenako dinanso batani la zizindikiro zina lomwe lili pamwamba pa ABC, uiona mzere wapamwamba pafupi ndi tilde.

chule_php, 16:02
Pa nkhani ya magetsiyi, alipo amene akugwiritsa ntchito power station yaing'ono yoti n'kuyendetsa laputopu ndi router maola asanu kapena asanu ndi limodzi? Batire ya inverter yanga yayamba kufooka, sikufikanso maola awiri.

wa_ku_Joni, 16:20
Yang'anani ya LiFePO4, imapirira kutchajidwa kambirimbiri kuposa ya lead acid. Laputopu yanu imakoka ma watt angati?

chule_php, 16:23
Charger yalembedwa 65W, router sindinayang'ane. Ndikafika kunyumba ndiona.